Kuchonga, rubric ndi matabuleti: kodi mwana amauzidwa chiyani za ntchito yake ya m'kalasi?

Makolo ambiri kuno ku Kasungu anaphunzira nthawi imene zotsatira za mayeso zinali zosavuta kumva. Teremu ikatha, ahedi ankasonkhanitsa ana pabwalo n'kuyamba kuitana mayina kuyambira nambala wani, ndipo amene dzina lake silinamveke ankadziwa yekha kuti zavuta. Masiku ano kholo lomwelo likatsegula lipoti la mwana wake wa ku pulayimale limatha kupeza manambala 4, 3, 2 kapena 1 pambali pa phunziro lililonse. Ena amakondwa akaona 1, pokumbukira kuti pa mayeso a Fomu 4 poyinti 1 ndiye yapamwamba ndipo 9 ndi kulephera. Komatu ku pulayimale n'zotembenuka: 4 ndiye kuchita bwino kwambiri, pamene 1 akusonyeza mwana wofunika thandizo.

Nawonso aphunzitsi akapita ku maphunziro a ku TDC, malo osulira luso la aphunzitsi a m'dera, amamva mawu akuti rubric ndi feedback. Pa wailesi kukumveka za matabuleti amene boma likugawa m'sukulu za pulayimale, ndipo achinyamata a ku sekondale akukambirana za mapulogalamu a pa foni amene akuti amachonga chimangirizo pa kanthawi kochepa. Zonsezi zimasakanikirana m'makutu mwa munthu ngati nkhani imodzi, pamene ndi zinthu zosiyana zomwe zili ndi mbiri yakeyake. Chomwe chimazimanga pamodzi ndi funso ili: mwana akalemba ntchito, amauzidwa chiyani, ndipo zomwe wauzidwazo amachita nazo chiyani?

Kuchonga n'kwina, kumuonetsa mwana pokonza n'kwinanso

Mphunzitsi akatenga kope, n'kuika chizindikiro chokhoza apa, mtanda apo, pansi n'kulemba 6/20, ndiye kuti wachonga. Mwana wadziwa kuti sanachite bwino. Chimene sanadziwe n'chakuti walakwitsa pati, chamulakwitsa n'chiyani, ndipo mawa achite chiyani kuti 6 uja asanduke 12. Uthenga wachiwiriwu, wouza wophunzira pamene ali ndi chimene angachite kuti asunthe, ndiwo akatswiri a maphunziro amautcha feedback.

Mu 2007 John Hattie ndi Helen Timperley, omwe ankagwira ntchito pa yunivesite ya Auckland ku New Zealand, anafotokoza kuti uthenga wothandiza umayankha mafunso atatu a wophunzira: ndikupita kuti, ndafika pati, nanga kenaka ndichite chiyani? Malikisi amayankhako funso lachiwiri lokha, nalonso mwapatalipatali. Ndemanga yakuti "wachita bwino, pitiriza" siyankha lililonse mwa atatuwa, ngakhale imakoma kumva.

Pali kafukufuku amene amatchulidwa kawirikawiri pa nkhaniyi. Mu 1988 Ruth Butler, ku Israel, anagawa ana a pulayimale m'magulu atatu. Gulu loyamba linkabwezeredwa ntchito yokhala ndi malikisi okha, lachiwiri ndemanga zokha, lachitatu malikisi ndi ndemanga pamodzi. Ambirife tingaganize kuti gulu lachitatu ndilo linapindula kwambiri, poti linalandira zonse ziwiri. Sizinatero. Amene anapita patsogolo ndi a ndemanga zokha, ndipo olandira zonse ziwiri anachita mofanana ndi olandira malikisi okha. Aliyense amene anagawapo makope m'kalasi akudziwa chifukwa chake: diso la mwana limathamangira pa nambala, kenaka pa nambala ya mnzake, kope n'kutsekedwa, ndemanga ija osawerengedwa. Kafukufukuyu anali wa ana ochepa, a dziko limodzi, choncho si bwino kumutenga ngati lamulo. Koma anatsegula maso a anthu ambiri.

Chenjezo lina linabwera mu 1996, pamene Avraham Kluger ndi Angelo DeNisi anasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku ambirimbiri n'kupeza kuti m'zochitika zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu, kuuza munthu momwe wachitira kunachititsa kuti ntchito yake itsike. Vuto linkakula makamaka uthengawo ukamanena za munthuyo m'malo mwa ntchito yake. "Ndiwe waulesi" kapena "mutu wako sugwira" ndi mawu amene sauza mwana pogwira. Ngakhale "ndiwe wanzeru" ali ndi vuto lomwelo, chifukwa tsiku limene mwanayo adzalephere adzaganiza kuti nzeru zija zatha. Koma "mayankho ako akusonyeza kuti ukuiwala kubwereka pochotsera, tayesanso funso lachitatu ndi lachisanu" ndi mawu amene mwana angawagwiritse ntchito madzulo omwewo.

Kuyesa kwa kumapeto ndi kuyesa kwa tsiku ndi tsiku

Mu 1967 Michael Scriven anasiyanitsa kuunika komwe kumachitika ntchito ili mkati, kuti ikonzedwe, ndi kuunika kwa pamapeto, kopereka chigamulo. Iye ankanena za mapulogalamu a maphunziro, koma Benjamin Bloom anatenga ganizoli n'kulilowetsa m'kalasi. Mu 1998 Paul Black ndi Dylan Wiliam a ku King's College London anawerenga akafukufuku mazana angapo n'kunena kuti kuyesa kwa mkati mwa phunziro, kukachitika bwino, kumakweza ana, makamaka amene amatsalira. Kuchokera pamenepo maiko ambiri anayamba kulemba zimenezi m'masilabasi awo.

Kwathu kuno mbiri yake ili ndi mbali ziwiri zomwe zimakokana. Mbali yoyamba ndi mayeso a boma. Bungwe la MANEB, lomwe linakhazikitsidwa mu 1987, ndilo limayendetsa mayeso a Sitandade 8, a Fomu 2 ndi a Fomu 4, ndipo zotsatira za Sitandade 8 ndizo zimagamula ngati mwana asankhidwe kupita ku sekondale yogonera konko, ku CDSS, kapena atsale. Palibe kholo limene lingaone zimenezi mopepuka. Mbali yachiwiri ndi silabasi ya pulayimale yotchedwa PCAR, imene inakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi n'kuyamba kuphunzitsidwa mu 2007. Silabasi imeneyi inatsindika zoti mphunzitsi aziyesa ana mosalekeza chaka chonse, azisunga zolemba za momwe mwana aliyense akuchitira, ndipo azithandiza wotsalira nthawi isanathe. Manambala 4, 3, 2 ndi 1 aja anabwera ndi kaganizidwe kameneka. Paja akulu amati mmera m'poyamba.

Pakati pa mbali ziwirizi pali chiwerengero cha ana. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Linali khomo lotsegukira ana osauka ambiri, koma makalasi anadzaza, ndipo mpaka lero kupeza ana oposa 100 mu Sitandade 1 kapena 2 si zachilendo, ngakhale cholinga cha boma ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi. Tiwerengetsere. Mphunzitsi wa ana 100 akati athere mphindi zitatu zokha pa kope lililonse, kuwerenga ndi kulemba ndemanga, afunika mphindi 300, omwe ndi maola asanu, pa ntchito imodzi ya phunziro limodzi. Amene amadzudzula aphunzitsi kuti amangoika chizindikiro osalemba kanthu ayenera kuyamba ayang'ana masamu amenewa. Rubric ndi zipangizo zamakono zonse zikubwera ndi lonjezo lakuti zichepetsa maola asanu aja popanda kumumana mwana uthenga wothandiza.

Rubric n'chiyani?

Rubric ndi ndondomeko yolembedwa imene imatchula zinthu zomwe wochonga aziyang'ana pa ntchito, n'kufotokoza momwe ntchito yapamwamba, yapakati ndi yofooka imaonekera pa chinthu chilichonse. Kawirikawiri imajambulidwa ngati tebulo: m'mizere yotsika muli zoyang'anazo, m'mizere yopingasa muli milingo.

Inabadwa chifukwa cha vuto lakale kwambiri, loti aphunzitsi awiri sapereka malikisi ofanana pa pepala limodzi. Mu 1912 ndi 1913 Daniel Starch ndi Edward Elliott a ku America anatumiza mapepala omwewo kwa aphunzitsi a m'sukulu zosiyanasiyana. Anthu ankayembekezera kusiyana pa Chingerezi, koma chodabwitsa chinali pepala la masamu, lomwe wina analipatsa 28 pa 100 pamene wina analipatsa 92. Mu 1961 Paul Diederich ndi anzake anapereka zimangirizo 300 kwa owerenga 53 kuti aziike m'magulu kuyambira 1 mpaka 9. Panalibe chimangirizo n'chimodzi chomwe chimene chinalandira magiredi osiyana ochepera asanu. Atafufuza anapeza kuti owerengawo sankayang'ana zofanana: wina ankatsata mfundo, wina galamala, wina kasanjidwe, wina kukoma kwa mawu. Mankhwala ake anaoneka kuti ndi kugwirizana pasadakhale zoyenera kuyang'ana, n'kuzilemba.

Mlimi wa fodya wa ku Chamama kapena ku Santhe sangavutike kumva zimenezi. Akakhala pansi kusankha fodya wake wa bale atamutsitsa m'chigafa, sangoti uyu ndi wabwino, uyu ndi woipa. Amayang'ana kuti tsambalo linachokera pansi, pakati kapena kunsonga kwa mtengo, amayang'ana mtundu wake, kutalika kwake, ndiponso ngati lili ndi mawanga kapena lang'ambika. Zimenezi amazidziwa asanafese n'komwe nazale, chifukwa ndi zomwe zimayang'anidwa belo likafika ku okushoni ku Chinkhoma, ndipo kudziwako kumasintha momwe amathyolera, momwe amasokera ndi momwe amaumitsira. Rubric imafuna kumupatsa mwana mwayi womwewo, woti adziwe zoyang'anidwa asanayambe kulemba. Kusiyana kwake n'kumodzi, koma n'kwakukulu. Belo likagulidwa lagulidwa, mlimi adikire chaka chamawa. Chimangirizo cha mwana chingathe kubwezedwa kuti achilembenso mawa, ndipo rubric imene sipereka mpata umenewo yangokhala njira ina yoperekera malikisi.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wa Sitandade 7 wapereka chimangirizo cha mutu wakuti "Kuipa kodula mitengo mwachisawawa". Asanawauze ana kuti ayambe, walemba pa bolodi zinthu zinayi: mfundo, kasanjidwe, zizindikiro za m'kalembedwe, ndi kalembedwe ka mawu. Pansi pa kasanjidwe wafotokoza kuti mlingo 4 ndi chimangirizo chokhala ndi chiyambi, thunthu ndi mathero, ndime iliyonse ili ndi mfundo imodzi yofotokozedwa bwino. Mlingo 3 uli ndi magawo atatuwo koma ndime ina yasakaniza mfundo ziwiri. Mlingo 2 ukusowa chiyambi kapena mathero. Mlingo 1 ndi ndime imodzi yaitali yopanda popumira. Pansi pa zizindikiro wafotokozanso chimodzimodzi za mpumiro, mpatuliro ndi zilembo zazikulu.

Mwana wina walemba mfundo zakupsa, za kukokoloka kwa nthaka, kuuma kwa madambo ndi amayi oyenda mtunda wautali kukatola nkhuni, koma wazithira zonse m'ndime imodzi yopanda mpumiro. Kale akanalandira mwina 9/20 n'kudziona ngati wosatha kulemba. Ndi rubric alandira 4 pa mfundo, 1 pa kasanjidwe, 2 pa zizindikiro, 3 pa kalembedwe ka mawu. Tsopano akudziwa kuti maganizo ali nawo, chomwe chikumugwetsa ndi ndime. Mnzake wolemba mwaukhondo koma wopanda chonena aona zotembenuka. Ana awiriwa akanatha kupeza malikisi ofanana, pamene matenda awo ndi osiyana ndipo akufunika mankhwala osiyana.

Iyi ndi rubric yogawa ntchito m'mbalimbali. Palinso ina imene imayang'ana ntchito yonse pamodzi n'kuipatsa mlingo umodzi wokhala ndi kufotokoza kwake. Yachiwiriyi imafulumira ndipo imathandiza mapepala akachuluka, koma siuza mwana zambiri. Tisasokonezenso rubric ndi ndondomeko imene ochonga mayeso a boma amagwirizana asanayambe ntchito. Imeneyo ndi ya ochonga, cholinga chake n'chakuti malikisi afanane dziko lonse. Rubric ya m'kalasi mwini wake weniweni ndi mwana.

Rubric payokha sifuna magetsi kapena netiweki. Aphunzitsi odutsa ku Kasungu TTC ndi m'makoleji ena amaphunzitsidwa TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, ndipo rubric ingalembedwe kuseri kwa kalendala yakale kapena pa katoni n'kupachikidwa pakhoma teremu yonse. Ikakhala pakhomapo ana angathe kusinthana makope n'kuyesana okha, mphunzitsi n'kumazungulira kumvetsera. Apa ndi pomwe maola asanu aja amachepa kwenikweni. Ubwino wina ndi wakuti mwana akamafufuza ngati ndime ya mnzake ili ndi mfundo imodzi, amayamba kuona ndime zake ndi diso lomwelo.

Zomwe otsutsa amanena

Si onse amene amaikonda. Mu 2006 wolemba za maphunziro wa ku America, Alfie Kohn, anadandaula kuti rubric imaphunzitsa ana kulembera wochonga m'malo molemba zomwe akuganiza. Aphunzitsi a Chichewa amvetsa nkhawa imeneyi. Mwana akalemba ndakatulo kapena nthano imene yakhudza mtima, yokhala ndi mwambi woikidwa pamalo pake, kukoma kwake sikukwana m'bokosi lililonse la tebulo. Wina akhoza kukwaniritsa mabokosi onse n'kutulutsa chinthu chozizira chimene palibe angafune kuchiwerenga kawiri.

Vuto lina n'lakuti rubric zambiri zimalembedwa mwaulesi. Ngati mlingo 4 ukuti "wasanja bwino kwambiri", 3 "wasanja bwino", 2 "wasanja bwino pang'ono", mwana sanauzidwe chilichonse chimene nambala sikanamuuza. Royce Sadler wa ku Australia, amene analemba zambiri pa nkhaniyi kuyambira 1989, ankatsindika kuti mawu okha sakwanira: wophunzira ayenera kuona zitsanzo zenizeni za ntchito yabwino ndi yofooka kuti mawuwo akhale ndi tanthauzo. Ochirikiza rubric amavomereza zambiri mwa izi, koma amayankha kuti mwana wosauzidwa zoyang'anidwa amangodalira kulota zomwe zili m'mutu mwa aphunzitsi, ndipo amene amalota bwino kawirikawiri ndi ana a m'mabanja ophunzira. Kwa mwana amene kwawo kulibe womuthandiza homuweki, tebulo la pakhoma lija lingakhale malo okhawo amene zinsinsi za kukhoza zalembedwa poyera.

Nanga makina akulowa pati?

Ganizo loti makina aziyankha wophunzira nthawi yomweyo si la dzulo. M'zaka za m'ma 1920 Sidney Pressey wa ku Ohio State University anapanga kachipangizo kofunsa mafunso osankha yankho, komwe sikankapita patsogolo mpaka wophunzira atakhoza. M'zaka za m'ma 1950 B. F. Skinner wa ku Harvard anapanganso makina ake ophunzitsira. Zonsezi sizinafalikire monga eni ake ankayembekezera, koma mfundo yake, yoti yankho lofika msanga limathandiza kuposa lofika patatha sabata, ndi yomwe ili m'matabuleti a lero.

Matabuleti amenewa anayamba kuyesedwa m'sukulu za m'Malawi kudzera mu pulogalamu ya Unlocking Talent, imene bungwe la VSO linkayendetsa pamodzi ndi bungwe la ku Britain la onebillion, lomwe limapanga mapulogalamu ophunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa. Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham anachita kafukufuku m'dziko muno ndipo anapeza kuti ana ogwiritsa ntchito pulogalamu ya masamu anapita patsogolo kuposa anzawo. Mu 2019 onebillion inali imodzi mwa magulu awiri amene anapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE. Mu 2023 unduna wa zamaphunziro, mothandizana ndi bungwe la Imagine Worldwide ndi mabungwe ena, unayambitsa pulogalamu ya BEFIT, imene cholinga chake ndi kufikitsa matabuleti otchajidwa ndi sola kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma za pulayimale.

Chimene tabuleti imachita n'chosavuta kufotokoza. Mwana wavala zomvera m'makutu, wafunsidwa kuti akhudze chilembo kapena awerenge zinthu, ndipo akalakwitsa amadziwa pomwepo n'kuyesanso, popanda anzake kumuseka. Aliyense amayenda pa liwiro lake. M'kalasi la ana 100 palibe mphunzitsi, ngakhale wakhama chotani, amene angayankhe mwana aliyense kangapo pa mphindi imodzi. Koma malire ake ndi oonekanso. Tabuleti imatha bwino mafunso okhala ndi yankho limodzi, monga maphatikizo ndi kuwonkhetsa. Singawerenge chimangirizo cha mitengo chija, ndipo singadziwe kuti mwana akulephera lero chifukwa wabwera osadya m'mwezi wa February.

Mtundu wachiwiri wa zipangizo ndi wothandiza mphunzitsi mwini. Pulogalamu ya Plickers, mwachitsanzo, imafuna foni imodzi yokha: mwana aliyense amanyamula khadi losindikizidwa, amalitembenuza malinga ndi yankho limene wasankha, mphunzitsi n'kuloza kamera ya foni m'kalasi n'kuona pomwepo kuti ndi angati amva. Google Classroom, imene inayamba mu 2014, ndi Moodle, imene mayunivesite ambiri amagwiritsa ntchito, zimalola mphunzitsi kuika rubric pa ntchito n'kungodina mlingo woyenera, wophunzira n'kuona zotsatira pa foni yake. Ena amangojambula mawu pa WhatsApp, chifukwa kulankhula ndemanga kumafulumira kuposa kuilemba, ndipo liwu la munthu limafewetsa chidzudzulo. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, njira zoterezi zinaonetsa mphamvu zake ndi kufooka kwake nthawi imodzi. Ana a m'mabanja okhala ndi foni yamakono ndi ndalama ya bandulo ankatumiza ntchito n'kulandira ndemanga. Ambiri a kumudzi ankadalira maphunziro a pa wailesi, ndipo wailesi imaphunzitsa koma siona kope.

Mtundu wachitatu ndi umene ukubweretsa mkangano waukulu, makina ochonga zolemba zazitali. Ellis Page anayamba kuyesa zimenezi mu 1966, ndipo makina oyambawo ankawerengera zinthu monga kutalika kwa chimangirizo ndi kutalika kwa mawu. Patapita zaka, Les Perelman wa ku yunivesite ya MIT ku America anaonetsa kuti makina ena otere angapusitsidwe ndi zolemba zazitali za mawu akuluakulu zopanda tanthauzo. Kuchokera pamene ChatGPT, pulogalamu yoyankha mafunso ndi kulemba ngati munthu, inatuluka mu November 2022 zinthu zasintha kwambiri: munthu angathe kuika rubric ndi chimangirizo, makina n'kubweza ndemanga zomveka bwino. Kwa mphunzitsi wa Chingerezi pa CDSS wokhala ndi mitolo ya makope, chikoka chake n'chomveka. Komabe makinawa amatha kulakwitsa molimba mtima, amatha kupereka milingo yosiyana pa ntchito imodzimodzi ukawafunsa kawiri, ndipo anaphunzira kwambiri kuchokera ku zolemba za Chingerezi, kotero kuti pa Chichewa, Chitumbuka ndi zilankhulo zina za kuno amaphonya zambiri. Ngozi yake ndi yoti angamuuze mwana kuti walakwitsa pamene walemba Chichewa chabwino cha kwawo.

Zomwe sizinayankhidwebe

Funso loyamba ndi la nthawi, osati ya mphunzitsi yokha komanso ya mwana. Ndemanga imagwira ntchito pokhapokha wophunzira akapatsidwa mpata wolembanso, koma silabasi ndi yaitali, ndipo a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale, akabwera amafuna kuona kuti maphunziro akuyenda motsatira sikimu. Kodi mphunzitsi amene waima sabata yathunthu kuti ana akonze ndime zawo aonedwa ngati wochita bwino kapena wotsalira? Ndipo ngati tsogolo la mwana likugamulidwabe ndi mayeso a masiku ochepa mu Sitandade 8, makolo ndi aphunzitsi adzapatsa ulemu wotani manambala a 4, 3, 2 ndi 1?

Pali funso la chilankhulo. M'makalasi apamwamba maphunziro ambiri amachitika m'Chingerezi, pamene ana ambiri amaganiza m'Chichewa, ndipo kumpoto kwa boma la Kasungu, cha ku Nkhamenya, ambiri amalankhula Chitumbuka kunyumba. Rubric yolembedwa m'Chingerezi chimene mwana sachimva ndi pepala chabe. Kodi n'kololedwa, ndipo n'kothandiza, kufotokoza zoyang'anidwa m'chilankhulo cha mwana ngakhale ntchitoyo ilembedwe m'Chingerezi? Aphunzitsi ambiri amachita kale zimenezi pakamwa, koma palibe mgwirizano umodzi pa nkhaniyi.

Pa matabuleti, chimene chidzaoneke m'zaka zikubwerazi n'chakuti zotsatira za m'sukulu zochepa zoyang'aniridwa bwino zidzabwerezeka bwanji m'sukulu zikwizikwi, mabatire akatopa, zomvera m'makutu zikaduka, ndiponso thandizo la mabungwe akunja likadzachepa. Palinso funso loti zomwe tabuleti yaona zimafika bwanji kwa mphunzitsi wa kalasilo, chifukwa ngati makina akudziwa kuti mwana akusokoneza b ndi d koma aphunzitsi ake sakudziwa, uthengawo wathera panjira. Ndipo zolembedwa za ana zimenezi, mayina, mayankho, zolephera zawo, zimasungidwa kuti ndipo angazione ndani? Mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makina, koma momwe lidzagwirire ntchito pa mphunzitsi amene wajambula kope la mwana n'kulitumiza ku pulogalamu ya kunja kuti imuchongere ndi nkhani imene makomiti a sukulu ambiri sanayambe n'komwe kuikambirana.

Chomaliza n'chovuta kuchiyeza. Mphunzitsi akamachonga yekha amaphunzira kalasi lake: akafika pa kope la makumi atatu amakhala atazindikira kuti theka la ana silinamve mpatuliro, ndipo mawa amayambira pamenepo. Makina akatenga ntchito yochongayo, maola asanu aja abwerera m'manja mwake, koma kuzindikira kumeneku kudzachokera kuti? Ena akuti makinawo adzamupatsa chithunzi cha kalasi lonse chomveka bwino kuposa chomwe akanapeza yekha usiku atatopa. Ena akuti kuwerenga chidule cha makina sikufanana ndi kuona dzanja la mwana pa pepala. Akafukufuku sanagamule, ndipo m'makalasi odzaza ngati a kuno funsoli silinayesedwe mokwanira.